Madzi a pampopi ku Blantyre: yankho kwa mayi wa ku Machinjiri

Achemwali, mwafunsa ngati madzi a pampopi ku Machinjiri kumene mwasamukirako mungamwetse mwana wanu wa miyezi 8, poti masiku ena amatuluka ofiira, kapena mungokumbitsa chitsime pakhomo monga akukuuzani anzanu. Za chitsimezo zisiyeni kaye.

Madzi ambiri a Blantyre Water Board ndi a mu Shire. Amawapatutsa pa Walker's Ferry, cha ku Nkula, makilomita pafupifupi 40 kuchoka m'tauni, amawayeretsa komweko, kenako n'kuwakankha ndi makina chitunda cha mamita pafupifupi 800 kudzera pa Chileka. N'chifukwa chake magetsi akathima nthawi yaitali kumeneko, mipopi kuno imauma. Ena ochepa ndi a damu la Mudi, m'munsi mwa phiri la Ndirande lomwe linatsala mpala mitengo itatha. Kuyambira mu 2019 palinso a mtsinje wa Likhubula ku Mulanje, omwe amayeretsedwa pa Nguludi.

Shire wa m'dzinja ndi matope okhaokha ochoka m'minda ya anthu. Ndiye amathiramo mankhwala otchedwa alum kuti matopewo aundane n'kudikha pansi, amasefa mumchenga, pomaliza klorini. A labotale amatapa madzi pamalo oyeretserapo, m'mathanki komanso m'mipopi ina ya m'makomo, n'kuyeza kuda kwake, klorini wotsalamo, ndi tizilombo ta E. coli tosonyeza kuti chimbudzi chalowamo. Mulingo wake ndi MS 214 wa Malawi Bureau of Standards. Kafungo ka mankhwala kamene ena amanyansidwa nako kaja, ine ndikakamva mtima umakhala pansi, chifukwa ndiye kuti klorini wafika mpaka pakhomo.

Poopsa ndi pakati pa thanki yawo ndi kapu yanu. Madzi akasiya, paipi imakhala yopanda kanthu, ndipo pomwe inang'aluka imayamwa matope ndi zithaphwi za m'ngalande. Akamabwerera mudzaona mpopi ukuyamba watsokomola mpweya, kenako kulavula zofiirazo. Oyambirirawo musamwe. Tchingirani m'beseni, mukolopere kapena kuthirira maluwa, mpaka ayere. Kwinako ndi m'nyumba mwathu momwemu: ndowa yosavundikira, kapu yomweyo kutungira yomweyo kumwera, ana kupisamo manja. Madzi abwinobwino amaipira pamenepo. Gulani ndowa ya kampopi ndi chivundikiro, muziitsuka ndi sopo musanathiremo ena.

Madzi a mwanayo muziwiritsa ndithu, abwadamuke kwa mphindi imodzi yathunthu, azizire ali chivundikirire. A akuluakulu, masiku amene mwawakayikira, thirani WaterGuard monga zalembedwera pabotolo, mudikire mphindi 30. Koma akakhala amatope yambani mwawasiya adikhe n'kusefa ndi nsalu yoyera, pakuti klorini m'matope sagwira bwino ntchito.

Chitsime chija tsono. M'makomboni mwathu mapoloti ndi othinana, zimbudzi zokumba zili pena paliponse, ndipo mvula ikagwa zonse zimakumana pansi pomwepo. Madzi a pachitsime atha kuoneka oyera mbee, ozizira bwino, koma muli matenda, ndipo palibe amene amabwera kudzakuyezerani. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, Blantyre ali m'gulu la maboma omwe anavutika kwambiri. Mukadzakhala ndi ndalama ya mjigo weniweni, madziwo mukayezetse ku labotale musanayambe kumwa.

Kufiirako kukapitirira masiku awiri atatu, kapena madzi akamanunkha suweji, tungani m'botolo loyera, tengani nambala ya mita yanu, mupite nazo ku ofesi ya Blantyre Water Board. Muuzanenso ndi aneba mupite angapo, chifukwa mwina paipi yaphulika penapake pamzere wanu ndipo iwo sanadziwe.