Kwa mdzukulu wanga amene akupita ku Addis Ababa

Mdzukulu wanga, uthenga wako ndaulandira, ndipo ndakondwa kumva kuti akuntchito akukutuma ku msonkhano ku Addis Ababa, likulu la dziko la Ethiopia, mwezi wa Julaye. Wandifunsa kuti utenge jekete yotani, komanso ngati ungakwere phiri la Entoto tsiku lomwe wafikalo kuti ukajambule zithunzi zoika pa Facebook. Za jekete sindichulukitsa mawu: tenga yokhuthala pamodzi ndi ambulera, chifukwa kuyambira Juni mpaka Seputembala ndi dzinja lawo, ndipo usiku kumazizira ngati ku Dedza mwezi wa Juni. Funso limene ndimayembekezera kwa iwe ndi lakuti mlendo amafika bwanji kwa eni, ndipo ndilo ndikuyankhe.

Ife tikukula, munthu wochokera kutali sankayamba ndi nkhani imene wadzera. Ankamulandira katundu, kumuyalira mphasa pamthunzi, mwana n'kubwera ndi chikho cha madzi atagwada, ndipo malonje ankayamba thukuta litauma. Agogo ako aamuna ankatha kukhala ndi mlendo mpaka dzuwa kupendeka asanamufunse chimene chamuyendetsa. Masiku ano ndimaona anyamata akupereka moni ali chiimire, foni ili kukhutu, madzi akuwakana ati ali ndi changu. Mwambo umenewu mumauyesa wotayitsa nthawi, koma kumene ukupitako thupi lako lenilenilo lidzaufuna.

Mzindawu uli pamtunda wa mamita oposa 2,300 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, pomwe Lilongwe amene wazolowera ali pa mamita ongopitirira pang'ono 1,000. Pamwamba choncho mpweya ndi wopepuka, ndipo ukapuma kamodzi thupi limalandira wocheperapo kusiyana ndi kwathu. Nanga Entoto amene ukumuthamangirayo, nsonga yake imaposa Sapitwa wa ku Mulanje, amene ndi mamita 3,002, ndipo palibe munthu wanzeru amene amatsika basi pa Chitakale n'kuyamba kuthamangira ku Sapitwa. Ine nditapita ku Addis Ababa koyamba ndili wachinyamata, ndinanyamula sutikesi yanga kukwera nayo masitepe a nyumba ya alendo, koma ndisanafike pamwamba mtima unali kugunda ngati ng'oma, ndipo usiku umenewo mutu unandiwawa, tulo osabwera, chakudya osachifuna. Bambo wina wachikulire wogwira ntchito pamenepo anandikhazika pampando, n'kundipatsa madzi, ndipo ndinachita manyazi pokumbukira kuti zimenezi n'zimene amayi anga ankachitira mlendo aliyense.

Choncho ukatsika ndege pa bwalo la Bole, tsiku loyambalo ulisandutse la malonje. Uyende pang'onopang'ono, umwe madzi a m'botolo pafupipafupi ngakhale ludzu usakulimva, udye mopepuka, ndipo mowa uuleke kwa masiku awiri oyamba. Kamutu ndi kaphuma pokwera chitunda zisakuopse, zimatha thupi likazolowera. Koma ukaona kuti ukubanika uli chikhalire, ukusanza, kapena ukuyenda dzandidzandi, uuze anzako akutengere kuchipatala msanga. Mnzako wina akakhala ndi vuto la mtima kapena mphumu, aonane ndi dokotala asananyamuke. Dzuwa la kumeneko limawotcha khungu ngakhale kukuzizira, ndiye chipewa usachisiye. Entoto umupite tsiku lachitatu, pagalimoto, pakuti kuthamanga sikufika.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri n'chakuti eni dzikolo mwambo wokhazika mlendo pansi sanautaye. Akakuitanira khofi, amene iwo amati buna, usayembekezere kapu yomwera chiimire. Mayi wa pakhomopo amakazinga khofiyo iwe ukuona, amakuyandikizira utsi wake kuti ununkhize, amasinja, n'kuphika mu kamtsuko kadothi kotchedwa jebena, lubani akufuka pambali, mbuliwuli zili m'mbale. Amathira katatu, ndipo kapu yachitatu amaitcha baraka, kutanthauza dalitso. Zonsezi zimatha ola kapena kuposerapo, ndipo ndikukupempha kuti foni ikhale m'thumba mpaka kapu yachitatuyo. Ukaona kuti khofi wachuluka pa tsiku loyamba, umwe pang'ono pokha, koma usanyamuke pakati pa mwambo.

Pa chakudya sudzavutika, chifukwa amasamba m'manja ndi kudyera mbale imodzi ndi dzanja lamanja monga tinkachitira ife pa nsima, kungoti iwo amadya injera, chikondamoyo chopyapyala chowawasa cha ufa wa mbewu yotchedwa teff. Wina akakupanira nthongo n'kukudyetsa pakamwa, usabweze mutu, amatero polemekeza munthu, ndipo amati gursha. Akulu uwapatse moni ndi manja awiri, utaweramako pang'ono, monga ndinakuphunzitsira.

Pomaliza, ukamapangana nthawi ndi woyendetsa galimoto, ufunse bwino ngati akunena nthawi ya kwawo, chifukwa iwo amayamba kuwerenga maola m'bandakucha, moti 7 koloko ya m'mawa kwa iwo ndi ola loyamba. Ukafika unditumizire uthenga, koma uyambe wakhala pansi ndi kumwa madzi.