Ayi achimwene, malire a zaka sangatikonzere mjigo

Achimwene, mwafunsa ngati sizingakhale bwino kuti aliyense wosakwana zaka 30 azingowerenga pagulu lathu la pafoni lino, osalembapo kanthu pa nkhani za ndalama, potsatira zomwe zinachitika Lachiwiri. Ine ndikukana. Mundilole nditalikitseko, poti nkhaniyi yandigoneka mochedwa masiku atatu.

Kwa amene simunatsatire: tinasonkha ndalama zokonzetsera mjigo wa kumudzi, padutsa miyezi itatu, amayi akutungabe kudambo. Mtsikana wina anafunsa kuti zinasonkhedwa zingati ndipo zatsala zingati. Bambo msungichuma anamuyankha kuti, "Iwe mwana wadzulodzulo, ukudziwa chiyani?" Pomwepo mkangano unabuka. Anyamata ati tsobola wakale sawawa, akuluakulu ati ana a masiku ano alibe mwambo, ena mpaka kutuluka m'gulu. Za mjigo palibe anazitchulanso.

Ine ndili ndi zaka 56 ndi zidzukulu zinayi, choncho lamulo lanulo silingandikhudze. Koma tsiku losonkha lija palibe anafunsidwa chaka chobadwa. Mtsikanayu anatumiza yake pa Mpamba. Anyamata athu a ku Joni, ambiri mwa iwo osafika 30, anatumiza zawo atazipeza movutikira m'dziko la eni, ndipo tinazilandira ndi manja awiri. Popereka anali anthu akuluakulu. Asanduka ana liti? Pofunsa pomwe papita ndalama yawo yomwe?

Amene mukuti mwambo, tiyeni tiunene wonse, osadula pakati. Kwathu ukulu sunkawerengedwa ndi zaka zokha. Mwamuna wa imvi zake amene sanapite kudambwe ankatengedwa ngati mwana pa nkhani za gule, pomwe mnyamata wometa ankakhala pamodzi ndi madoda. Mfumu ikamwalira, mpando umapita kwa mwana wa mlongo wake, ndipo nthawi zina wolowayo amakhala wachichepere, koma nkhalamba zimamuombera m'manja osanyinyirika. Ineyo ndili ndi amalume amene ndinkawabereka kumbuyo ali khanda. Ndimawaposa ndi zaka 9. Lero kukagwa nkhani pabanja pathu amayamba kulankhula ndi iwo, ine ndili phee pamphasa, ndipo sindionapo chachilendo. Makolo ankayang'ana malo a munthu pa nkhani imene ili pabwalo. Pa nkhani ya chopereka, malo a wopereka aliyense ndi amodzi.

Nalo boma linadula kale: wa zaka 18 amavota, wa zaka 21 akhoza kukhala phungu n'kumakambirana bajeti ya dziko lonse ku Lilongwe. Ife tikamuletse kufunsa mtengo wa mapaipi? Ndipo kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi theka la Amalawi ndi osakwana zaka 18. Tikawonjezapo a zaka za m'ma 20, otsala olankhula tidzakhala ochepa kwambiri, ndipo ndi ife amene madzi a mjigowo tidzamwe zaka zochepa.

Pali mbiri ina imene imandibwerera nthawi zonse ndikamva mawu oti "ndiwe mwana". Henry Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume analowa m'nyumba ya malamulo ya atsamunda mu 1956 asanakwanitse zaka 30. Iwo omwe, ndi anzawo, anaona kuti anthu kumidzi amamvera munthu wachikulire, n'chifukwa chake analimbikira kuti Dr Banda abwere, ndipo anabweradi mu 1958. Taonani, achinyamatawo ukulu anaulemekeza, mpaka kukauitana kunja. Koma mkuluyo ankawatchula pagulu kuti "anyamata anga", ndipo atayamba kumufunsa mafunso mu 1964, patangopita milungu yochepa chilandirireni ufulu, zinathera pa kuchotsana maudindo ndi kuthawira kunja. Sindikufanizira bambo msungichuma ndi Kamuzu, ayi. Ndikungoti mawu amenewa, akagwiritsidwa ntchito potseka funso, tinawaonapo kumene amafikitsa.

Tsono kwa inu ana anga, musaganize kuti ndakukhululukirani. Mtsikana uja uthenga wake ndauwerenganso kawiri: anayamba ndi "pepani bambo", analemba "inu" paliponse. Iye alibe mlandu. Koma amene munabwera pambuyo pake munandichititsa manyazi. Munthu wa msinkhu wa bambo anu kumulembera "iwe", kumuikira tizithunzi toseka, wina mpaka kujambula zokambiranazo n'kukaziika pa Facebook kuti anthu osatidziwa aseke nawo! Kumudzi ukafuna kutsutsa wamkulu umagwada kaye, mawu umatsitsa, kapena umadzera kwa amalume kuti akunenere. Pafoni palibe maondo, palibe nkhope, palibe wokunenera. Ulemu wonse umayenera kukwana m'mawu amene walembawo. Mukauchotsamo, mkulu amangoona chipongwe, funso lenileni saliona, ndipo ndi mmene munamuphera mnzanuyo nkhani yake yabwinobwino.

Bambo msungichuma ndimawadziwa kuyambira kale, ndipo sindikukhulupirira kuti adya ndalama. Ntchitoyi aigwira zaka zambiri popanda malipiro, maliro angati ayendetsa ndi kabuku kawo kaja. Ndikuganiza kuti funso lofunsidwa pamaso pa anthu onse linawamvekera ngati akutchedwa wakuba, mtima unawawa, chala chinafulumira. Zimenezo ndikuzimvetsa. Komabe bambo, inu ndi amene munayenera kuzimitsa. Timati akulu ndi mdambo mozimira moto, ndiye motowo ukayambira mdambo momwemo ana athawire kuti? Mukanangolemba kuti "mwana wanga, dikira Lachisanu ndiika zonse", bwenzi lero tikukamba za mmisiri.

M'malo mwa malire a zaka, achimwene, ine ndikupempha kuti wolemba mwano, kaya ali ndi zaka 19 kaya 70, ma admin azimuchenjeza kumbali, akabwereza azimupumitsa sabata imodzi. Ndipo pa ma admin pomwepo tiikepo wachinyamata mmodzi. Amaidziwa bwino foni kuposa ife, angathandize bambo msungichuma kujambula malisiti n'kumaika pagulu mwezi uliwonse, kuti pasadzapezekenso wofunika kufunsa.

Amene anatuluka aja wina awabweze, manambala muli nawo. Bambo msungichuma ndiwaimbira ndekha madzulo ano ndikaweruka, ndipo mtsikanayo ndalankhula naye kale m'mawa, wavomera kudikira mpaka Lachisanu. Mvula ikayamba, madzi a kudambo aja adzakhala matope okhaokha, ndipo amayi anga omwe akutunga kumeneko ali ndi zaka 81.