Chishango cha agogo: nkuchipereka kumyuziyamu kapena kuchisunga kunyumba?

Bambo wina wa ku Kapata, muno mu Chipata, watilembera pa imelo. Agogo awo adasiya chishango cha chikopa cha ng'ombe, mkondo ndi chibonga. Chishangocho chayamba kuthothoka ubweya, ndiye akufunsa ngati kuno kum'mawa kuli malo osungirako zinthu zakale amene angazilandire.

Malo alipo, bambo. Ku Feni, m'dera la a Mpezeni, kuli Nsingo Community Museum, yosunga mbiri ya Angoni. Dzinalo ndi la Nsingo, mwana wa Mpezeni woyamba, amene adatsogolera nkhondo yolimbana ndi asilikali a Angelezi mu 1898, nagwidwa, kenako nkuwomberedwa. Mbiri ya Angoni kuno imayambira mu 1835, pamene mfumu yawo Zwangendaba adaoloka Zambezi pa tsiku la kadamsana. Mamyuziyamu akuluakulu ali kutali: ya Livingstone ndi ya 1934, ndipo Moto Moto ya ku Mbala idachokera pa zinthu zomwe adasonkhanitsa wansembe wa Chikatolika, Bambo Corbeil. Koma za Angoni zimamveka bwino pakati pa eni ake.

Musananyamule kanthu, khalani pansi ndi akuluakulu a pabanja. Lembani dzina la mwini chishangocho, chiwongo chake, mudzi, mfumu yake, ndi ntchito yomwe chinkagwira. Apa musakometse nkhani. Zishango zambiri zimene zili m'nyumba lero adazipangira kuvinira ngoma, makamaka mwambo wa Nc'wala utayambiranso mu 1980, osati kumenyera nkhondo. Palibe chamanyazi, cholakwa nkuchipatsa zaka zomwe chilibe. Mugwirizanenso ngati mukupereka kotheratu kapena mukungobwereketsa, ndipo zilembedwe papepala losainidwa, kuopa milandu ya pachibale mawa.

Tsono ubweyawo. Kawirikawiri ndi njenjete ndi tizilombo tina todya chikopa. Yalani nsalu yoyera pansi pake. Mukapeza kafumbi m'mawa, ndiye kuti tidakalimo. Chikulungeni mupulasitiki, mumate bwinobwino, muchiike mufiriza yaikulu yozizira kwambiri kwa masabata 2. Mukachitulutsa musatsegule kufikira tsiku lathunthu litatha, kuti chinyezi chigwere kunja kwa pulasitikiyo, osati pachikopa.

Chimene chimawononga zambiri ndi chikondi chopitirira. Wina amadzoza chikopa mafuta ophikira, Vaseline kapena polishi ya nsapato poganiza kuti chifewe. Chimada, chimagwira fumbi, makoswe ndi nyerere nkubwera. Kukhitchini musachikoloweke, mwaye sutsukika. Musachitsamiritsenso kukhoma la dothi chifukwa cha chiswe. Chigonekeni pathabwa louma, pamthunzi, kosadontha.

Mkondo musaukweche ndi sandipepa kuti uwale, mungafute zizindikiro za nyundo ya wosula. Pukutani ndi kansalu kouma, kenako kadontho ka mafuta a makina osokera pachitsulo pokha, osafika pamtengo. Chibongacho yang'anani ngati chili ndi timabowo totuluka ufa. Ngati tilipo, chilowe mufiriza limodzi ndi chishango.