Funsani Alangizi: Ndinayamba bwino, koma tsopano mankhwala a BP ndikumwa modumphiza

Funso

Okondedwa Alangizi,

Ndine bambo wa zaka 54 ndipo ndimaphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale kuno ku Dedza. M'mwezi wa Marichi anandipeza ndi matenda othamanga magazi (BP). Adokotala anandiuza kuti ndizimwa mapiritsi tsiku ndi tsiku, ndichepetse mchere, komanso ndiziyenda ndawala m'mawa uliwonse. Poyamba ndinkachita zonsezi mosaphonya chifukwa ndinali ndi mantha, popeza achimwene anga anafa ziwalo ndi matenda omwewa. Koma chifikireni chisanu cha mwezi wa Juni ndinaleka kuyenda, mchere unabwerera m'mbale, ndipo mapiritsi ndimamwa tsiku limene ndakumbukira kapena mutu ukamandiwawa. M'thupi ndikupeza bwino. Ndikudziwa kuti ndikulakwitsa, koma mtima wofuna kuchita zinthuzi unatheratu. Kodi ndingatani kuti changu chimene ndinali nacho chibwerere?

Mphunzitsi wodandaula, Dedza

Yankho

Zikomo kwambiri aphunzitsi chifukwa chofotokoza zoona mosabisa. Ndiyambe ndi mawu amene mwina simukuwayembekezera: changu cha mwezi wa Marichi sichidzabweranso mmene chinalili, ndipo musataye nthawi kuchidikira. Chimene chinkakudzutsani m'mamawa nthawi imeneyo chinali mantha, monga mwanenera nokha, ndipo mantha ndi moto wa mapesi, umene umalilima kwambiri koma suchedwa kuzima. Palibe munthu amene angakhale ndi mantha ofanana kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo si ulesi kapena kupanda nzeru kuti anu anazirala. Lipoti la bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO la m'chaka cha 2003 linanena kuti ngakhale m'mayiko olemera, mwa anthu amene ali pa mankhwala a matenda a mgonagona, ndi pafupifupi theka lokha limene limamwa mankhwalawo motsatira malangizo. Vutoli ndi la anthu ambiri, koma kuchuluka kwa anthuwo sikuchepetsa ngozi yake.

Matenda othamanga magazi ndi ovuta kuwasamalira kuposa matenda ena ambiri pa chifukwa chimodzi chachikulu, chakuti sapereka mphotho yooneka kwa munthu amene akuchita bwino. Wodwala malungo akamwa mankhwala, kutentha thupi kumatsika, mutu umaleka kuwawa, ndipo thupi lenilenilo limamuuza kuti wachita bwino. Wodwala BP akamwa piritsi samva chilichonse, ndipo akapanda kumwa samvanso chilichonse. Kafukufuku wa matenda osapatsirana amene anachitika m'Malawi muno m'chaka cha 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu atatu alionse a zaka za pakati pa 25 ndi 64 anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi mwa iwo sankadziwa n'komwe. Anthu amenewo ankalima, kuphunzitsa ndi kugulitsa malonda awo akumva bwino ngati inuyo, pamene magazi ankagunda mwamphamvu m'mitsempha, kulemetsa mtima, kuwononga impso ndi kufooketsa timitsempha ta mu ubongo. Kuwawa kwa mutu si muyeso wa BP, choncho kumwa piritsi pa tsiku limene mutu wawawa lokha sikukutetezani. Mapiritsiwa sachiza matendawa ayi, amangowagwira kuti asakwere pa nthawi imene mankhwalawo ali m'thupi, ndipo munthu akawasiya BP imakweranso.

Tsono ngati changu sichibwerera, chotsala n'chiyani? Taganizirani ntchito yanu. Ndikhulupirira kuti pa zaka zonse zimene mwagwira choko, alipo masiku ambiri amene munalowa m'kalasi mtima usakufuna n'pang'ono pomwe, koma munalowabe. Munatero chifukwa ntchitoyo ili ndi nthawi yake yodziwika, ili ndi malo ake, ndipo pali anthu amene amadziwa mukapanda kubwera. Zinthu zitatu zimene adokotala anakuuzani zija zilibe nthawi yokhazikika, zilibe malo, ndipo palibe amene amadziwa mukazidumpha. Zinkayenda ndi mantha okha, ndiye mantha atatha zinagwa. Ntchito imene ili patsogolo panu ndi yozipatsa nthawi, malo ndi mboni, kuti zizichitika ngakhale tsiku limene mwadzuka wofooka.

Musayese kudzutsa zonse zitatu tsiku limodzi, chifukwa kulemera kwake n'kosiyana. Yambani ndi mapiritsi, pakuti kumwa iwowo si nkhani yokambirana, ndiponso ndi amene safuna mphamvu zambiri. Sankhani chinthu chimodzi chimene mumachita m'mawa uliwonse osachiganizira, monga kutsuka m'kamwa kapena kumwa tiyi, ndipo mumangirire piritsilo pamenepo. Musanene kuti "ndizimwa m'mawa", chifukwa m'mawa ndi wautali ndipo uli ndi zochitika zambiri. Nenani kuti "ndikangotsuka m'kamwa, ndimwa piritsi", kenako ikani mankhwalawo pamalo pomwe pamakhala mswachi, pamwamba posafika ana, osati pansi pa sutikesi kapena m'thumba la jekete limene mumavala Lamlungu lokha. Katswiri wina wa za kaganizidwe ka anthu wa ku Germany, Peter Gollwitzer, anaonetsa m'kafukufuku wake kuti anthu amene amatchuliratu nthawi ndi malo ochitira chinthu amachichita kawirikawiri kuposa amene amangotsimikiza mumtima kuti adzachita. Alamu ya pafoni ndi yothandiza ngati mlonda wachiwiri, koma musadalire iyo yokha, chifukwa foni imatha moto ndipo n'zosavuta kuizimitsa n'kupitiriza zimene mumachita.

Masiku oopsa kwambiri ndi amene dongosolo la m'mawa limasokonekera: Loweruka, nthawi ya holide, kugona kumaliro, ulendo wa kumudzi kapena sabata yoyang'anira mayeso pa sukulu ina. Masiku otere konzekeranitu posunga mapiritsi ochepa m'chikwama chimene mumayenda nacho. Mukaiwala m'mawa n'kukumbukira masana, imwani pomwepo. Mukakumbukira tsiku lotsatira, imwani mlingo wa tsikulo basi, osaphatikiza awiri.

Pali funso limene ndikufuna mudzifunse moona mtima, chifukwa anthu ambiri amene amati atopa ndi mankhwala amakhala kuti mankhwalawo akuwasautsa mwanjira ina imene akuchita manyazi kuitchula. Simunatchule mtundu wa mapiritsi anu, koma amene amaperekedwa kawirikawiri m'zipatala zathu ali ndi zovuta zake zodziwika. Hydrochlorothiazide amakodzetsa pafupipafupi, zimene n'zosautsa kwa munthu woima kutsogolo kwa kalasi. Amlodipine amatha kutupitsa mapazi. Enalapril amayambitsa chifuwa chouma kwa anthu ena. Ndipo abambo ena amadandaula za kuchepa kwa mphamvu m'banja. Ngati chimodzi mwa izi chikukuchitikirani, chiuzeni achipatala mosapsatira, chifukwa mitundu ya mankhwala a BP ilipo ingapo ndipo akhoza kukusinthirani. Chimene simuyenera kuchita ndi kusiya mwakachetechete, kapena kulowetsa adyo, chammwamba ndi zitsamba zina m'malo mwa mapiritsi.

Za kuyenda, ine sindikudabwa kuti chisanu cha ku Dedza chinakugonjetsani. Dongosolo limene limafuna kuti munthu atuluke m'bulangeti kusanache mu Juni ndi Julaye, pamalo okwera ndi ozizira chotero, linali loti lidzagwa ndithu, ndipo likanapulumuka chisanu likanadzagwa ndi mvula ya Januwale. Palibe lamulo lakuti kuyenda kukhale kwa m'mawa. Malangizo a WHO amati munthu wamkulu azichita zinthu zolimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndipo mphindizi mukhoza kuzigawa mmene mungathere. Mukhoza kuyenda mukaweruka dzuwa likadalipo, mukhoza kudzera njira yozungulira popita kusukulu, ndipo kupalasa njinga, kulima ndi kuthirira kudimba zimawerengedwanso ngati mukuzichita mwamphamvu moti mpweya ukukwera pang'ono.

Chofunika kwambiri apa ndi kukhala ndi mlingo wa tsiku loipa. Gwirizanani ndi mtima wanu kuti tsiku labwino muziyenda mphindi 30, koma tsiku limene mwatopa, kwazizira kapena mwakhumudwa, muziyenda mphindi 10 zokha n'kubwerera popanda kudziimba mlandu. Mphindi 10 zimaoneka zochepa, koma ntchito yake pa tsiku lotero ndi yosunga chizolowezi kuti chisaduke, pakuti chimene chimapha chizolowezi si tsiku limodzi lophonya koma maganizo obwera pambuyo pake, akuti poti ndaphonya kale ndidzayambiranso mwezi wamawa. M'chaka cha 2009, wofufuza wina dzina lake Phillippa Lally ndi anzake a pa yunivesite ya University College London ku England anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anatsatira anthu 96 omwe ankayesa kuyamba chizolowezi chatsopano. Anapeza kuti pakatikati zinkatenga masiku 66 kuti chinthu chiyambe kuchitika chokha popanda kudzikakamiza, koma ena zinkawatengera masiku 18 pamene ena ankafunika masiku oposa 250, ndipo zizolowezi zolimbitsa thupi zinkachedwa kukhazikika kuposa zosavuta monga kumwa madzi. Anapezanso kuti kuphonya tsiku limodzi sikunkagwetsa zimene munthu wamanga kale. Choncho zimene anthu amakonda kunena zakuti masiku 21 ndi okwanira musazitengere, ndipo musadzione ngati wolephera chifukwa chakuti patatha miyezi itatu kuyenda kunali kusanalowe m'magazi.

Nkhani ya mchere siigamulidwa ndi kulimba mtima kwanu pa nthawi ya chakudya, imagamulidwa kukhitchini. Khalani pansi ndi mayi akunyumba kapena aliyense amene amaphika, muwafotokozere zimene achipatala ananena, ndipo mugwirizane kuti mchere uchepe mumphika wa banja lonse, chifukwa kaphikidwe kopatula ndiwo za bambo okha sikakhalitsa. Mlingo umene WHO imalangiza ndi wosafika magalamu 5 pa tsiku, pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, kuphatikizapo mchere wobisika m'buledi, m'timibulu tokometsera ndiwo, m'tchipisi ndi m'kanyenya wa pamsika. Soda amene timathira m'therere ndi m'masamba nayenso ali m'gulu lomweli, ngakhale samveka mchere pakamwa. Chotsani kambale ka mchere patebulo, chepetsani pang'onopang'ono, ndipo tomato, anyezi ndi nsinjiro zigwire ntchito yokometsa. Pakatha masabata angapo lilime limazolowera.

Pomaliza pake mufunika mboni. M'dziko muno odwala chifuwa chachikulu cha TB akhala akupatsidwa gadiyani woti aziona kuti amwa mankhwala pa miyezi isanu ndi umodzi yonse, ndipo chifukwa chake n'chakuti ambiri amafuna kusiya akangoyamba kupeza bwino. Inunso sankhani munthu mmodzi, kaya mayi akunyumba, kaya mphunzitsi mnzanu amenenso ali ndi BP, ndipo mumupatse chilolezo chokufunsani tsiku lililonse popanda inu kukwiya. Pachikani kalendala pafupi ndi mankhwala n'kumachonga tsiku lililonse mukamwa. Ndipo popeza thupi silikuuzani chilichonse, lolani makina akuuzeni: yezetsani BP pafupipafupi, manambalawo alembedwe m'kabuku kanu ka kuchipatala, ndipo muziona nokha ngati akutsika pansi pa 140/90. Kuona nambala itatsika chifukwa cha zimene mwachita ndi chilimbikitso chokhalitsa kuposa mantha.

Ndiwonjezere chenjezo limodzi. Ngati kutha kwa changu kumene mukunenaku sikuli pa nkhani ya BP yokha, koma kwa masabata awiri kapena kuposerapo simukusangalala ndi chilichonse, tulo sitikubwera, chakudya sichikukoma ndipo mukudziona ngati wopanda pake, amenewo akhoza kukhala matenda a kukhumudwa, amene ali ndi chithandizo chake, ndipo muyenera kuwatchula kuchipatala.

Sabata ino, musanachite china chilichonse, bwererani ku kiliniki ya BP mutatenga kabuku kanu ndi mapiritsi amene atsala, ndipo mukawauze achipatala mmene mwakhala mukumwera kuyambira mu Juni. Musakabise poopa kukalipiridwa, chifukwa akapeza BP yokwera n'kuganiza kuti mwakhala mukumwa mokhulupirika, akhoza kukuwonjezerani mankhwala amene simukufunikira. Ndipo uzani a m'banja mwanu kuti ngati tsiku lina adzaona pakamwa panu papotoka, dzanja kapena mwendo wafooka mwadzidzidzi, mawu akutuluka mosamveka, kapena mukumva kupweteka kwambiri pachifuwa, adzathamangire nanu kuchipatala nthawi yomweyo, osadikira kuti kuche.