Alowa m'nyumba yanga popanda chilolezo: kodi ndingawatulutse ndekha?

Mayi wina wandilembera imelo. Akuti bambo awo anawasiyira nyumba pomwalira, koma poti iwo amagwira ntchito kutali, nyumbayo inakhala yotseka kwa miyezi ingapo. Atapita kukaiona anapezamo banja losalidziwa. Achimwene awo akuti angotenga anyamata akazule zitseko n'kutaya katundu panja. Mayiwa akufunsa kuti: "Nyumba ndi yanga, zikalata ndili nazo. Chondiletsa n'chiyani?"

Mayi, mkwiyo wanu ndi womveka, ndipo simukulakwa kufuna nyumba yanu. Koma anyamatawo musawatume. M'mayiko ambiri, chikalata chimasonyeza kuti nyumba ndi yanu, koma mphamvu yotulutsamo munthu imachokera ku khoti. Mukazula chitseko, kudula madzi kapena kusintha loko anthu akukhalamo, mlandu ukhoza kutembenukira inu, ndipo khoti likhoza kulamula kuti abwereremo kaye nkhani ya umwini isanamvedwe n'komwe.

Dziko la South Africa ndi limodzi mwa mayiko amene anakhwimitsa kwambiri zimenezi. Ndime 26(3) ya malamulo ake aakulu imaletsa kuchotsa munthu pakhomo popanda chigamulo cha khoti, ndipo pansi pa lamulo la PIE la 1998, loletsa kuchotsa anthu pamalo mosatsata malamulo, mwini nyumba wochotsa anthu yekha akhoza kumangidwa mpaka zaka 2. Okhalamowo pamodzi ndi khonsolo ayenera kudziwitsidwa masiku 14 mlandu usanamvedwe. Jaji amayang'ana ngati pali ana, okalamba kapena olumala, ndipo ngati anthuwo akhalapo kupitirira miyezi 6, amafunsanso ngati kuli kwina kumene angapite. Ena amati lamuloli limapondereza eni malo. Ine ndimaona kuti cholinga chake n'choti ana asagone panja usiku womwewo, osati kulanda munthu chuma chake. Mu 2011, pa mlandu wa kampani ya Blue Moonlight, imene inkafuna kuchotsa anthu m'nyumba yake ku Johannesburg, khoti lalikulu loona za malamulo a dzikolo linanena kuti mwini nyumba angafunike kudikira pang'ono, koma sangasunge anthu ulele mpaka kalekale. Udindo wowapezera pogona pongoyembekezera unaperekedwa ku mzinda wa Johannesburg.

Kwina malamulo akomera eni nyumba. Ku England, kuyambira 2012, kulowa mozemba n'kukhala m'nyumba yogonamo ya munthu wina ndi mlandu wa polisi, ndipo chilango chimafika miyezi 6 m'ndende. Ku Florida, m'dziko la America, lamulo la 2024 limalola mwini nyumba kukadandaula kwa sherifu, mkulu wa apolisi a m'deralo, kuti achotse anthu otere osadikira mlandu. Koma ngakhale pansi pa malamulo amenewa, wochotsa anthu ndi wa boma, osati achimwene anu. Ndiponso malamulo awiriwa sakhudza munthu amene analowa ngati walendi n'kusiya kulipira.

N'chifukwa chake muyambe mwafufuza kuti anthuwo analowamo bwanji. Kodi anathyola loko, kapena pali wina amene anawapatsa kiyi? Zimachitika kuti mlonda, wachibale kapena kathyali wina amadzitcha landilodi n'kumatolera lendi mwezi ndi mwezi. Zikatero banjalo nalonso laberedwa, ndipo likaona zikalata zanu likhoza kuvomera tsiku lochoka popanda kukokanakokana. Mukagwirizana, zilembedwe ndipo onse asayine. Ndalama zawo musalandire musanafunse loya, chifukwa akhoza kudzanena kukhoti kuti munawavomera ngati alendi.

Koma musazengereze. Munthu akakhala pamalo poyera kwa zaka zambiri ngati ake, mwini wake ali chete, lamulo likhoza kumupatsa malowo: ku England ndi zaka 12 ngati malowo sali m'kaundula, ku South Africa zaka 30. Inu muli kutali ndi zimenezo, komabe mwezi uliwonse wodutsa umavutitsa nkhani yanu. Jambulani zithunzi, alembereni kalata yokhala ndi deti yowauza kuti simunawalole ndipo achoke, sungani kope lake, kenako pitani kwa loya wodziwa malamulo a dziko limene kuli nyumbayo.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu ndi mawu akuti "anandisiyira". Onani dzina limene lili pa zikalatazo. Ngati likadali la bambo anu, khoti lidzafuna umboni woti inu ndinu wovomerezeka kuyendetsa chuma cha masiye, ndipo popanda umenewo mlandu ukhoza kuima usanayambe. Konzani zimenezo sabata ino, samani isanalembedwe.