Aircon imodzi ya 24,000 BTU ingakwane nyumba yonse?

Achimwene, mwafunsa ngati mungagule aircon imodzi ya 24,000 BTU (BTU ndi muyeso wa mphamvu ya aircon), ija yoziziritsa ndi kutenthetsa komwe, n'kuikhomera pabalaza kuti izithandiza nyumba yonse ya zipinda ziwiri zogona ku Johannesburg. Ine ndikuti ayi. Makina amenewa alibe mapaipi operekera mpweya m'zipinda, ndiye amagwira ntchito pokhapo pamene mpweya wake ukufika. Mukatseka zitseko usiku wa mu June, pabalaza padzafunda bwinobwino koma ana kuchipinda adzagonabe atavala majuzi.

Muyeze chipinda chilichonse pachokha, mulitali kuchulukitsa ndi mulifupi. Kawerengedwe kamene ogulitsa ambiri kuno amatsatira n'kakuti 9,000 BTU ndi ya kachipinda kosapitirira masikweya mita 18 kapena 20, 12,000 imafika cha pa 25, 18,000 cha pa 35, ndipo 24,000 cha pa 45. Balaza lanu mwati ndi mamita 5 kwa 6, amenewo ndi masikweya mita 30, choncho saizi yake ndi 18,000 BTU.

Komatu manambalawa ndi poyambira chabe. Yang'anani kudenga. Ngati ndi malata opanda siling'i, kapena siling'i ilipo koma pamwamba pake palibe chotchingira kutentha, yambani mwakonza zimenezo, apo ayi mudzakhala mukugula mayunitsi otenthetsera malata. Zenera lalikulu loyang'ana kumadzulo limalowetsa dzuwa lamadzulo nthawi yotentha, khitchini yolumikizana ndi balaza nayonso imawonjezera ntchito. Zikakhala choncho, kukwera saizi imodzi n'komveka.

Chimene ndimakana n'chija amanena ena pasitolo, chakuti tengani yaikulu mudzapume. Aircon yokula mopyola chipinda imafikitsa msanga kutentha kumene mwatchera pa rimoti, n'kuzima, pakapita kanthawi n'kuyakanso, tsiku lonse zomwezo. Kompuresa, injini yopopa gasi m'makinamo, imatopa msanga, ndipo nthawi yamvula siichotsa bwino chinyontho chifukwa siyenda nthawi yokwanira, m'nyumba mumazizira koma muli nyonthonyontho. Ya inverter imachepetsako vutoli popeza imatha kutsitsa liwiro m'malo mozima, ndipo ndi imene ndingakulangizeni, koma nayonso ili ndi malire a pomwe ingatsikire.

Popeza inu mukuifunira kwambiri kuzizira kwa June ndi July, pa pepala la makinawo muwerenge mzere wa heating capacity (mphamvu yotenthetsera), osati wa cooling (yoziziritsira) wokha. Muonenso nambala yotchedwa COP. Ikakhala 3, ndiye kuti yunitsi imodzi ya magetsi ikukupatsani kutentha kofanana ndi mayunitsi atatu a hita wamba, chifukwa makinawa sapanga kutentha, amangokutenga mu mpweya wapanja n'kukulowetsa m'nyumba. Kunja kukazizira kwambiri mphamvu yake imatsikako. M'mamawa wachisanu mudzaona nthawi zina yasiya kupemerera kwa mphindi zingapo, chimakina chake chokhala kunja kwa nyumba chikudontha madzi kapena kutuluka nthunzi. Musathamangire kuimbira mmisiri, ikungosungunula madzi oundana amene agwira kunjako.

Zipinda zogonazo, ngati thumba likulola, ikani ya 9,000 m'chipinda chilichonse. Kulinso ya multi-split, makina amodzi kunja olumikizidwa ndi awiri kapena atatu m'kati. Imasunga malo pakhoma, kungoti akunjawo akawonongeka nyumba yonse yakhala yopanda kanthu. Ndalama zikavuta, yambani ndi chipinda chimene mumakhalamo nthawi yaitali, zinazo zidzabwera.

Woika naye musamutenge mwachisawawa. Mufunseni ngati ali ndi vacuum pump yochotsera mpweya ndi chinyontho m'mapaipi asanatsegule gasi. Akayamba kuzengereza, funani wina. Gulani yogwiritsa gasi wa R32 kapena R410A, zakale za R22 zimene anthu amagulitsa motchipa pa Facebook zisiyeni, gasi ameneyo akuthetsedwa ndipo akusowa. Makina akunja akhale pamalo popita mphepo, osati pakakona kopanikizika, ndipo paipi yotayira madzi itsetsereke bwino kuti isamadonthezere pakhoma.

Ngati nyumbayo ndi ya lendi kapena ili mu complex, pezani kaye chilolezo cholembedwa kwa landilodi kapena a body corporate (bungwe loyang'anira complex) musanaboole khoma. Tumizani miyeso ya zipinda ziwirizo ndi komwe mazenera ayang'ana, tiwerengere limodzi.