Mafunso Anu: Mapu a pa kompyuta ndi ntchito yosamalira nyanja ndi magombe

Makalata a mwezi uno akhudza luso lojambula mapu pa kompyuta ndi momwe ofufuza amaligwiritsira ntchito posamalira nyanja ndi magombe ake. Tasankhapo anayi, ndipo ena tawafupikitsa.

Funso: M'phunziro la Geography tafika pa mutu wa GIS, luso losunga ndi kusanthula mapu pa kompyuta, ndipo ophunzira anga akandifunsa kusiyana kwake ndi mapu opachikidwa pakhoma la kalasi ndimasowa yankho logwira mtima. Kodi ofufuza za m'nyanja amachita nalo chiyani lusoli? *Mphunzitsi, Salima*

Yankho: Zikomo aphunzitsi. Mapu a pakhoma ndi ntchito yomalizidwa, chifukwa wojambula anasankha kale zoti zionekepo ndipo inu simungapezepo china choposa chimene iye anaikapo. Mu GIS chinthu chilichonse, kaya ndi mudzi, doko la asodzi, mathiriro a mtsinje kapena kuya kwa madzi pamalo ena, chimasungidwa m'kompyuta pamodzi ndi manambala osonyeza pomwe chili padziko, ndipo mtundu uliwonse wa zinthu umakhala ndi tsamba lakelake. Ophunzirawo aganize za mapepala a pulasitiki oonekera kuseri, lina lojambulidwa midzi, lina misewu, lina kukwera ndi kutsika kwa nthaka, onse atasanjikizidwa bwino lomwe. Akatero wofufuza amatha kulamula kompyuta kuti imuonetse nyumba zonse zomwe zili mkati mwa mamita 100 kuchokera m'madzi komanso zili pamalo otsika, ndipo yankho limatuluka nthawi yomweyo. Funso lotere likanakhala lothandiza kwa ambiri omwe nyumba ndi malo awo ogona alendo analowa madzi pamene Nyanja ya Malawi inadzaza kwambiri mu 2024.

Lusoli linayambira ku Canada m'zaka za m'ma 1960, pamene Roger Tomlinson anatsogolera ntchito yoika mapu a nthaka ya dzikolo m'kompyuta. Chomwe chinalipatsa mphamvu pa nkhani za nyanja ndi masetilaiti. Dziko la America linatumiza setilaiti yoyamba ya Landsat mu 1972, ndipo kuyambira mu 2008 zithunzi zake zonse zimaperekedwa kwaulere. Pa zithunzi za Landsat zamakono kadontho kamodzi kamaimira malo a mamita 30 mulitali ndi mulifupi, ndipo setilaitiyo imabwereranso pamalo amodzimodzi pakatha masiku 16. Sentinel-2 ya mayiko a ku Ulaya, yomwe inayamba mu 2015, imaona bwinopo chifukwa kadontho kake ndi ka mamita 10.

Chitsanzo chomwe mungachite ndi ophunzira ndi kuyeza kukokoloka kwa gombe. Wofufuza amatenga zithunzi za malo amodzi za zaka zosiyana, najambula mzere wolekanitsa madzi ndi mtunda pa chithunzi chilichonse, kenako amadula mizereyo ndi timizere tina topingasa n'kuyeza kuti gombe labwerera m'mbuyo kapena lapita patsogolo ndi mamita angati. Apa mpamene osazolowera amalakwitsa. Pa nyanja yamchere madzi amadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku m'malo ambiri, kotero kuyerekeza chithunzi cha nthawi yodzaza ndi cha nthawi yophwa kumaonetsa kukokoloka komwe kulibe. Pa nyanja yathu vuto ndi la nyengo, popeza madzi amakwera mvula ikatha ndi kutsika chakumapeto kwa chilimwe, choncho zithunzi ziyenera kukhala za mwezi wofanana. Pulogalamu ya QGIS, yomwe mungachitire ntchitoyi, ndi yaulere ndipo imagwira pa kompyuta wamba.

Funso: Ndimayendetsa galimoto yonyamula katundu kudoko la Beira, ndipo ndinaona ndi maso anga momwe namondwe wa Idai anasakazira deralo. Ndinamva kuti opulumutsa anthu ankaona malo osefukira kudzera pa setilaiti. Zinatheka bwanji kumwamba kuli mitambo yokhayokha? *Dalaivala, Mwanza*

Yankho: Bambo, mwafunsa penipeni. Idai anafika pamtunda pafupi ndi Beira usiku wa pa 14 Malichi 2019 ndipo anapha anthu oposa 1,000 ku Mozambique, Zimbabwe ndi Malawi. Setilaiti yojambula ndi kuwala kwa dzuwa sikanathandiza masiku amenewo. Zomwe zinagwira ntchito ndi zamtundu wa Sentinel-1, zomwe zimatumiza mafunde a radar pansi n'kumvetsera kubwerera kwake, ndipo mafunde amenewa amadutsa mitambo usana ndi usiku womwe. Akagunda mitengo kapena nyumba amabwerera ambiri, koma akagunda madzi odekha amathawira kumbali, kotero pachithunzi malo amadzi amaoneka akuda. Poyerekeza chithunzi cha namondwe asanafike ndi cha atadutsa, akatswiri anaona kukula kwa madzi omwe mitsinje ya Buzi ndi Pungwe inamwaza, ndipo atasanjikiza mapu a midzi ndi misewu anadziwa komwe maboti ndi ndege zinayenera kuyambira. Midzi yambiri sinali pa mapu aliwonse, ndipo anthu ongodzipereka a m'mayiko osiyanasiyana anakhala pa makompyuta awo kujambula nyumba imodziimodzi pa OpenStreetMap, mapu a pa intaneti omwe aliyense angathe kuwonjezerapo.

Ntchito yofunika kwambiri, mwa kuona kwathu, ndi imene imachitika kunja kuli bata. Gombe la Mozambique ndi lotalika makilomita oposa 2,400, ndipo dzikolo lili m'gulu la mayiko a mu Africa omwe ali ndi nkhalango zazikulu za mangrove, mitengo yomera m'matope momwe madzi a mtsinje amakumana ndi amchere. Mizu yake imagwira dothi, imafooketsa mafunde ndipo nsomba ndi nkhanu zimaswanirana m'menemo. Nkhalango ngati ya pamathiriro a Zambezi munthu sangaiyeze ndi mapazi, koma ntchito yotchedwa Global Mangrove Watch, yomwe imadalira radar ya masetilaiti a ku Japan, ili ndi mapu oyambira mu 1996 oonetsa pomwe mitengoyi yatha ndi pomwe yamera. Mapuwo akaikidwa pamodzi ndi mbiri ya kayendedwe ka mtsinje, ofufuza amatha kusiyanitsa mitengo yodulidwa ndi owotcha makala ndi yomwe yafa chifukwa madamu a Kariba ndi Cahora Bassa anasintha kusefukira kwa Zambezi komanso kuchepetsa matope ofika kunyanja. Zifukwa ziwirizi zili ndi mankhwala osiyana, ndipo boma lomwe silizisiyanitsa limangomanga anthu akumudzi pomwe gwero la vuto lili kutali kumtunda.

Funso: Ndine membala wa komiti ya pagombe. Kunabwera ofufuza ndi timakina ta GPS, natipempha kuti tiwaonetse malo omwe timaponya chilimira ndi momwe chambo chimaswanirana. Anzanga ena akuti tisawauze chifukwa mapuwo adzagwiritsidwa ntchito potiletsa kupha nsomba. Titani? *Msodzi, Mangochi*

Yankho: Bambo, mantha a anzanuwo si opanda maziko, chifukwa mapu otere ndi omwe amagwiritsidwa ntchito pogawa nyanja kuti pano paphedwe nsomba, apo pasungidwe, uko padutse sitima. Dziko la Seychelles, lomwe lili ndi dera la nyanja loposa masikweya kilomita 1.3 miliyoni, linalengeza mu 2020 kuti magawo 30 pa 100 aliwonse a deralo ndi otetezedwa, ndipo mizere yake inajambulidwa pa kompyuta pambuyo pa zaka zingapo za zokambirana ndi asodzi, a zokopa alendo ndi ofufuza mafuta. Kwathu kuno malire a paki ya Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndi kuikidwa pa mndandanda wa bungwe la UNESCO wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, amalowa m'madzi mamita 100 kuchokera pagombe. Mzere wa pa mapu umasandukadi lamulo.

Ngakhale zili choncho, malangizo athu ndi akuti musabise, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Sitima zikuluzikulu za pa nyanja yamchere zimanyamula chipangizo cha AIS cholengeza pomwe zili, ndipo bungwe la Global Fishing Watch, lomwe linayamba mu 2016, limasonkhanitsa zizindikirozo n'kuonetsa pa mapu komwe sitimazo zikupha nsomba. Bwato losema la msodzi wamba lilibe chipangizo chotere ndipo pa chithunzi cha setilaiti silikwana n'kadontho komwe. Zotsatira zake n'zakuti malo omwe mabanja mazanamazana amapezapo ndiwo ndi sukulu fizi amaoneka opanda kanthu pa kompyuta ya mkulu wogawa nyanja, ndipo malo ooneka opanda kanthu ndi omwe amayamba kuperekedwa kwa omanga mahotela, oika makola a nsomba m'madzi kapena ofufuza mafuta. Msodzi wosalembedwa pa mapu amakhala wopanda umboni tsiku la mlandu.

Dziwaninso kuti ofufuzawo sanabwere kudzangokuchitirani ulemu. Setilaiti siiona patali pansi pa madzi. Imatha kuonetsa matope ofiira omwe mtsinje wa Linthipe umalavulira m'nyanja nthawi ya dzinja mpaka kufika chakuzilumba za Maleri, komwe amakwirira ndere za pamiyala zomwe mbuna zimadya, koma siingaone chirundu, chitunda cha miyala cha pansi pa madzi chomwe utaka umasonkhanapo, siidziwa komwe usipa umathawira mwera ukawomba, ndiponso siingaloze mchenga momwe chambo chimakumba zisa zake. Zimenezo mumazidziwa ndinu, ndipo popanda inu mapuwo ndi operewera.

Choncho komiti yanu ili ndi mphamvu yokambirana. Musanakwere nawo bwato, afunseni ofufuzawo kuti atumidwa ndi yani, zomwe alembe zikasungidwa kuti, ndipo ndani adzaloledwe kuziona. Pemphani kuti mgwirizanowo ulembedwe pamaso pa amfumu ndi mlangizi wa zausodzi. Malo omwe ndi chinsinsi cha banja kapena cha gulu angathe kuonetsedwa ngati dera lalikulu m'malo mwa kadontho kenikeni, ndipo ofufuza odziwa ntchito yawo sakana pempho lotere. Koposa zonse, umirirani kuti mapu akatha abwerere kugombe atasindikizidwa papepala lalikulu, kuti akuluakulu ndi amayi ogula ndi kuyanika nsomba awaone ndi kukonza zolakwika asanapite kuboma. Anthu a kuchilumba cha Mbenji ku Salima akhala akutseka usodzi miyezi ingapo chaka chilichonse motsogozedwa ndi mfumu Makanjira kuyambira kale makompyuta asanafike, ndipo mapu abwino ayenera kulemba malamulo a mtundu umenewu monga momwe amalembera a boma.

Funso: Popeza masetilaiti azungulira dziko kwa zaka zoposa 50, kodi pansi pa nyanja zonse panajambulidwa kale? Nanga malire a mayiko pamadzi amadziwika bwanji? *Wophunzira, Zomba*

Yankho: Ayi, padakali ntchito yaikulu. Kuwala sikufika patali m'madzi, kotero kuya kumayezedwa ndi sitima zonyamula makina a sonar, omwe amatumiza phokoso pansi n'kuwerenga nthawi yomwe latenga kuti libwerere, podziwa kuti phokoso limayenda mamita pafupifupi 1,500 pa sekondi m'madzi. Sitima imayeza kanjira komwe yadutsa kokha ndipo kuiyendetsa ndi kodula. Pamene ntchito yojambula pansi pa nyanja zonse yotchedwa Seabed 2030 inkayamba mu 2017, magawo 6 okha pa 100 aliwonse a pansi pa nyanja ndiwo anali atayezedwa mwatsatanetsatane, ndipo pofika mu 2023 anali pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi.

Malire amatsatira pangano la United Nations la malamulo a panyanja la 1982. Dziko limalamulira kotheratu madzi ofika mamailosi a panyanja 12 kuchokera pagombe, omwe ndi makilomita pafupifupi 22, ndipo lili ndi ufulu pa nsomba ndi chuma cha pansi mpaka mamailosi 200, omwe ndi makilomita pafupifupi 370. Kuyeza kutalikako kompyuta imachita mosavuta. Mkangano umabuka pa mbali yomwe mzere wolekanitsa mayiko oyandikana uyenera kulowera. Kenya inkafuna kuti mzere wake ndi Somalia ulunjike kum'mawa, Somalia inkafuna utsatire malire a pamtunda kulowera chakum'mwera kwa kum'mawa, ndipo pakati pa mizere iwiriyo panali dera lomwe likuganiziridwa kuti lili ndi mafuta ndi gasi. Khoti la International Court of Justice ku The Hague linagamula mu Okutobala 2021 mokomera kwambiri Somalia, koma Kenya inakana chigamulocho.